UC-5: sitima imene inkapha itachoka kale

Pa 19 Juni 1915 asilikali apamadzi a dziko la Germany analandira sitima yatsopano yoyenda pansi pa madzi, imene munthu wosadziwa akanaiderera. Inalibe mzinga. Inalibenso torpedo, bomba lija lothamanga lokha m'madzi, limene masabata 6 m'mbuyomo linali litamiza Lusitania pamodzi ndi anthu pafupifupi 1,200. Choombera chake chinali mfuti imodzi ya chiwaya, basi. M'litali inali mamita 34, moti mukanaikocheza pambali pa Ilala ku Monkey Bay, Ilala ikanaiposa ndi mamita 18. Pamwamba pa madzi inkayenda makilomita 11 pa ola, ikamira n'kucheperanso apo. M'kati munkakhala amuna 14. Dzina sanaipatse, anangoilemba nambala: UC-5.

Sitima imeneyi inagwira ntchito miyezi 10 yokha. M'miyezi imeneyo inayenda maulendo 29, ndipo zombo pafupifupi 30 zinamira chifukwa cha iyo. Koma chimene chandikhazika pansi kuti ndilembe za kasitima aka ndi kaphedwe kake. Ntchito ya amuna 14 aja sinkalira kuti aone nkhope ya munthu ngakhale mmodzi mwa anthu amene ankawapha. Ankafika usiku, n'kusiya katundu wawo pansi pa nyanja, n'kubwerera. Chombo chikamaphulika, mwina m'mawa mwake, mwina patapita sabata, iwo amakhala ali kumtunda, akusamba, akudya, akulembera makalata amayi awo.

Gwero lake ndi Okutobala 1914. Kwathu kuno nkhondo ya Chiwaya inali itafika kale: mu Ogasiti sitima ya Angerezi ya Guendolen inali itaombera Hermann von Wissmann ya Ajeremani ku Sphinxhafen, kumene lero amati Liuli, tsidya la nyanja yathu, ndipo mu Sepitembala magazi anali atakhetsedwa ku Karonga. Ku Ulaya nako Ajeremani anali atalanda Antwerp, n'kutsetserekera kugombe la Belgium, kumene anatenga mzinda wa Bruges ndi madoko ake awiri, Zeebrugge ndi Ostend. Paris anali ataulephera, koma gombe limeneli linawagwera m'manja ngati mphoto. Kuchoka ku Ostend kukafika ku Dover ndi makilomita ongopitirira pang'ono 100. Pamathiriro a mtsinje wa Thames, polowera chakudya cha anthu a mu London, naponso panali pafupi. Asilikali a Britain opita kunkhondo ku France, akavalo awo, zipolopolo zawo, ndiponso ovulala awo pobwerera, ankaolokera pa kampata ka nyanja komweka.

Vuto linali lakuti sitima zikuluzikulu za pansi pa madzi zinkatenga chaka ndi kuposa kuti zithe kupangidwa, komanso madzi a kumeneko ndi osaya, odzaza ndi milu ya mchenga. Choncho kumapeto kwa 1914 boma linaitanitsa timasitima ting'onoting'ono, toti tithe m'miyezi yowerengeka, totheka kutigawa zigawo n'kutikweza pa sitima yapamtunda. Tina tinali tonyamula ma torpedo awiri, ndipo anatitcha UB. Tina 15 tinali totchera mabomba, ndiwo ma UC. Mwa ito, 10 tinapangidwa ndi kampani ya AG Vulcan ku Hamburg, UC-5 ili momwemo, ndipo 5 ndi AG Weser ku Bremen. Tingapo tinayendadi pa njanji kudutsa Ulaya yense mpaka kudoko la Pola pa nyanja ya Adriatic. Nzeru yotchera mabomba ndi sitima ya pansi pa madzi sinayambe ndi Ajeremani, poti a ku Russia anali atayamba kale kupanga yawo, Krab, nkhondo isanabuke. Koma Ajeremani ndi amene anaisandutsa ntchito ya tsiku ndi tsiku.

Tiyeni tilowe m'kati, chifukwa mutu wa nkhaniyi uli m'kapangidwe. Mbali ya kutsogolo ya sitimayi inali ndi mabowo 6 oboola kuchokera pamwamba mpaka kunsi, opendekeka pang'ono, lililonse mita imodzi kukula kwake. M'bowo lililonse ankaikamo mabomba awiri, lina pamwamba pa linzake, onse pamodzi 12. Bomba lililonse linali chimpira chachitsulo chokhala ndi onga wolemera makilogalamu 120, chokhazikidwa pa nangula wake, chingwe cha waya chitakulungidwa pakati pawo. Mabowowa anali kunja kwa chipinda chokhala anthu, ndipo madzi a m'nyanja ankangodzazamo ulendo wonse. Ndiye kuti sitima ikanyamuka ku Bruges n'kutsika ngalande yopita ku Zeebrugge, palibe akanawakhudzanso mabombawo. Kuya kumene bomba likaime ankakukonzeratu padoko. Kaputeni akafika n'kupeza kuti malowo sali monga ankaganizira, panalibe choti n'kusintha.

Akafika pamalo ake, munthu m'katimo ankakoka chogwirira, bomba ndi nangula wake n'kutsetsereka kutulukira kunsi kwa sitima mpaka kukakhala pamchenga. Ziwirizi zinkagwirizidwa ndi kachitsekero kosungunuka m'madzi. Kakasungunuka, patapita mphindi zopatsa sitima mpata woti ichoke, bomba linkamasuka n'kuyamba kukwera, chingwe chikutambasuka, mpaka kukaima mamita ochepa kunsi kwa mafunde, posaoneka ndi maso koma pofikika ndi mimba ya chombo. Pamutu pake panali nyanga za mtovu wofewa, ndipo m'nyanga iliyonse munali kabotolo kagalasi ka asidi. Chombo chikakhula nyanga, nyangayo inkapindika, kabotolo n'kusweka, asidi n'kudonthera pa kabatire kouma, magetsi n'kuyaka, bomba n'kuphulika. Woombera panalibe, wolamula kuti ombera panalibenso. Chombo chinkadziphera chokha.

Kachitsekero kaja ndi kamene amalinyero a mu UC ankagona nako kumtima. Kakasungunuka msanga, bomba linkakwera sitima ikadali pamwamba pake. UC-12 inaphulika ndi bomba lake lomwe pafupi ndi Taranto mu Malichi 1916, onse a m'katimo n'kuferatu. A ku Italy ataivuula anapeza kuti ndi ya Ajeremani ngakhale inkayenda ndi mbendera ya Austria, pa nthawi imene Italy ndi Germany anali asanalengezerane nkhondo. Moyo wa m'timasitima iti unali wa thukuta, chinyezi ndi fungo la dizilo. Injini ya dizilo inali imodzi, yaing'ono, ndipo ikafa panalibe inzake. Masana nthawi zambiri ankabisala pansi kudikira mdima. Usiku ankayendera nyali za Angerezi eni ake. Zombo za nyali ndi zizindikiro zoyandama, zimene Angerezi anaika kuti oyendetsa zombo asasochere pakati pa mchenga, ndi zomwezo zimene zinkauza kaputeni wa UC kuti njira ndi iyi, tchera apa.

Mabomba oyamba otcheredwa motere anasiyidwa ndi UC-11 kufupi ndi Dover, ndipo pa 1 Juni 1915 limodzi linavulaza sitima yankhondo ya HMS Mohawk. Angerezi anazunguzika mutu. Chombo cha mdani sichinaoneke, nanga mabombawa akumera kuchokera kuti? Anayamba kuloza chala asodzi a mayiko osalowerera nkhondo, kuti mwina ndi amene akuponya mabombawo usiku. Yankho linabwera mu Julayi, UC-2 itawonongeka kufupi ndi Great Yarmouth. Akatswiri osambira pansi pa madzi atatsikira, anapeza mabowo aja ndi mabomba ake. Nkhanga zinali zitaona. Koma kuudziwa msampha ndi kwina, kuuchotsa n'kwinanso.

UC-5 inafika ku Flanders mwezi womwewo, n'kulowa m'gulu la timasitima lotsogozedwa ndi Karl Bartenbach. Kaputeni wake anali Herbert Pustkuchen, mnyamata wosakwana zaka 30, wolimba mtima ndiponso wodziwa ntchito yake, zimenezi sindingamumane. Pakati pa Dover ndi Calais Angerezi anali atatchinga ndi maukonde achitsulo ndi mabomba awo, ndi maboti olondera usana ndi usiku. Pustkuchen anadutsa pomwepo ndi kasitima kake kochedwa kaja, ndipo pa 21 Ogasiti 1915 anatchera mabomba ake onse 12 kunja kwa doko la Boulogne. Inali UC yoyamba kulowa mu English Channel. Sipanatenge nthawi, kachombo kotchedwa William Dawson kanagunda limodzi n'kumira.

Taonani masiku ake. Pa 19 Ogasiti, masiku awiri m'mbuyo, sitima ina ya Ajeremani, U-24, inali itamiza chombo cha apaulendo cha Arabic ndi torpedo, ndipo mwa akufawo munali nzika za America. Boma la Woodrow Wilson, lomwe linali likadali ndi mkwiyo wa Lusitania, linakalipa kwambiri, moti pofika Sepitembala akuluakulu a ku Berlin anaimitsa nkhondo ya ma torpedo yolimbana ndi zombo zamalonda kuzungulira Britain. Ma UC sanawaimitse. Torpedo ili ndi mwini wake: pali tsiku, pali ola, pali kaputeni amene anayang'ana n'kusankha. Bomba lotchera lilibe mboni. Boma likafunsidwa linkatha kunena kuti mwina ndi bomba la Angerezi omwe limene laduka chingwe, ndipo nthawi zina zinkakhaladi choncho. Motero m'miyezi imene sitima zikuluzikulu zinamangidwa manja, timasitima ta ku Bruges ndi timene tinasenza nkhondo ya panyanja.

Amene analimbana nato tsiku ndi tsiku sanali akuluakulu a mayunifomu a golide. Anali asodzi. Boma la Britain linatenga maboti okoka makoka a ku Grimsby, Hull, Lowestoft ndi Aberdeen pamodzi ndi eni ake, n'kuwapatsa ntchito yosesa njira. Maboti awiri ankayenda mofanana atakoka chingwe cha waya pakati pawo, chomira pansi. Chikakola chingwe cha bomba n'kulizula kapena kulidula, bombalo linkatumphukira pamwamba, iwo n'kuliombera ndi mfuti mpaka liphulike kapena limire. M'bandakucha uliwonse, mvula kaya chisanu, njira yomweyo. Akasesa lero, usiku UC yabweranso. Boti losesalo nalo linali ndi mimba yofika pa nyanga zija, ndipo pofika kumapeto kwa nkhondo Britain inali itataya zombo zosesa mabomba zoposa 200. Mabuku ambiri a nkhondoyi amatha masamba ndi masamba pa nkhondo ya ku Jutland, ya tsiku limodzi ndi usiku wake. Asodzi awa amawapatsa ndime imodzi. Ine ndimaona kuti n'kuwalakwira.

Tsopano tifike pa Lachitatu, 17 Novembala 1915. Anglia inali sitima ya kampani ya njanji ya London and North Western Railway, yopangidwa ku Dumbarton, ndipo ntchito yake ya masiku a mtendere inali kuolotsa anthu pakati pa Holyhead, ku Wales, ndi Ireland. Nkhondo itabuka boma linaitenga, kenako n'kuisandutsa chipatala choyandama. Anaipaka utoto woyera ndi mzere wobiriwira m'mbali, monga pangano la ku Hague la 1907 linkanenera, komanso mitanda yofiira, kuti aliyense woiona adziwe kuti iyi siiomberedwa. Masabata ochepa m'mbuyomo inali itanyamula Mfumu George V, imene inavulala kavalo ataigwetsa ikuyendera asilikali ku France. Tsiku limeneli inanyamuka ku France kulowera ku Dover ndi ovulala pafupifupi 390. Ambiri anali ogona, osatha kuimirira, ena oduka miyendo, ndipo anawagoneka m'zipinda za m'munsi.

Kunja kwa Folkestone Angerezi anali ataika zombo za nyali ziwiri, n'kulamula kuti chombo chilichonse chizidutsa pakati pake, kuti azitha kulondera bwino. Ankapatcha chipata cha Folkestone. Pustkuchen anatchera kufupi ndi pamenepo. Cha m'ma 12:30 masana bomba linaphulika kutsogolo kwa Anglia. Kaputeni Manning anaponyedwa kuchoka pamalo ake oyendetsera, ndipo njira yotumizira mawu kwa a ku injini inaduka. Mutu wa sitima unayamba kumira, kumbuyo kukukwera, injini zikulirabe, moti sitimayo inkapitabe patsogolo ikumira, opulumutsa n'kumavutika kuiyandikira. Madzi anayambira m'zipinda za kutsogolo, momwe munali ogona aja. Anamwino ndi owathandiza ananyamula amene akanatha kuwanyamula, kuwakweza pamwamba, kuwaveka zoyandamitsa. Zonse zinatha m'mphindi 15 kapena 20.

Chombo china chonyamula malasha chinali pafupi, ndipo dzina lake nacho linali Lusitania, monga chija chomizidwa ndi torpedo mu Meyi. Chinakhotera komweko, n'kutsitsa mabwato ake kuti atole anthu m'madzi ozizirawo. Chili pa ntchito imeneyo chinagunda bomba lina la UC-5, nachonso n'kumira. Sitima zankhondo zing'onozing'ono, monga HMS Hazard, zinapulumutsa anthu pafupifupi 300. Akufa, mabuku ambiri amati 134, ena amawerenga kuposa apo. Mmodzi mwa iwo anali namwino Mary Rodwell, amene anatsalira ndi odwala ake m'munsimo. Amalinyero oposa 20 anafanso, ambiri a iwo a m'tauni imodzi yaing'ono ya Holyhead, kumene maliro analowa m'nyumba zoyandikana tsiku limodzi.

Sindikhulupirira kuti Pustkuchen ananyamuka ku Zeebrugge ndi cholinga chomiza chipatala. Akanaiona Anglia ndi maso, yoyera ndi mitanda yake, mwina akanaileka ipite. Koma apa ndi pamene ine ndimakanira kumupepukitsira mlandu, iye ndi amene anamutuma. Munthu wotchera pachipata podutsa aliyense wavomereza kale aliyense wodutsapo: wonyamula zipolopolo, wonyamula tirigu, wonyamula odwala, ngakhale wobwera kudzavuula anzake. Utoto woyera umalankhula ndi maso a munthu, ndipo chida ichi anachipanga dala kuti pasakhale maso. Nthumwi za ku Hague zinaliona vutoli mu 1907, n'kulemba ndime yoletsa kutchera mabomba kunja kwa madoko a mdani ngati cholinga n'kungotsekereza zombo zamalonda. Germany ndi France anakana kumangidwa ndi ndime imeneyo. Ndipo ndisanamizire kuti Angerezi anali oyera m'manja. Iwo anatchera mabomba awo ambirimbiri, anatsekereza chakudya chopita ku Germany mpaka ana ndi okalamba kufa ndi njala, ndipo mu 1918, pamodzi ndi America, anatchera mabomba oposa 70,000 pakati pa Scotland ndi Norway.

Nkhaniyi imandikhudza chonchi chifukwa ndinakulira m'mbali mwa msewu wa Ntcheu ndi Dedza, pamene msewu womwewo ndiwo malire ndi Mozambique. M'zaka za m'ma 1980 abale athu a tsidya linalo anathawira kuno, mpaka chiwerengero chawo m'dziko muno chinafika pafupifupi 1 miliyoni. Pakati pawo panali amayi ndi ana oyendera ndodo, amene anaponda bomba lokwirira popita kumunda kapena kumadzi. Ukawafunsa kuti anakuchitani zimenezi ndani, analibe dzina loti atchule. Wokwirirayo anali atapita kalekale, mwina anali atafa, mwina anali moyo kwinakwake akulima, osadziwa n'komwe kuti mwendo wa mwana uja unatsala pa ntchito ya manja ake. Nkhondoyo inatha mu 1992, koma Mozambique inalengeza kuti yamaliza kuzula mabombawo mu 2015.

Mu Disembala 1915 Pustkuchen anasiya UC-5 m'manja mwa Ulrich Mohrbutter, iye n'kupatsidwa sitima ya ma torpedo, UB-29. Pa 24 Malichi 1916, mu English Channel momwemo, anaombera Sussex, chombo cha apaulendo chochokera ku Folkestone kupita ku Dieppe. Iye anati ankayesa ndi sitima yankhondo yotchera mabomba. Sussex sinamire, koma mutu wake unaduka ndipo anthu osachepera 50 anafa, kuphatikizapo Enrique Granados, katswiri wopeka nyimbo wa ku Spain, ndi mkazi wake. Ajeremani anayamba ndi kukana, koma m'chombomo munapezeka zidutswa za torpedo yawo. Nzika za America zinali zitavulala, Wilson anaopseza kuti athetsa ubale, ndipo pa 4 Meyi Germany inalonjeza kuti sidzaomberanso zombo za apaulendo ndi zamalonda popanda chenjezo. Munthu ndi yemweyo, nyanja ndi yomweyo, miyezi inayi yokha pakati. Anthu a pa Sussex anagwedeza maboma. A pa Anglia, ochuluka kuposa apo ndiponso otetezedwa ndi pangano lolembedwa, sanasinthitse lamulo lililonse la ku Berlin. N'zoona kuti pa Anglia panalibe nzika za dziko lamphamvu losalowerera nkhondo zoti boma lawo likalipe. Koma panalibenso munthu woti amuloze chala.

Mapeto a UC-5 anadza mwa njira wamba. Nyanja yamchere imadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku, ndipo kunja kwa Harwich kuli mulu wautali wa mchenga wotchedwa Shipwash. Pa 27 Epulo 1916 Mohrbutter anatsakamira pamenepo madzi akuphwa, n'kulephera kuchokapo. Sitima yankhondo ya HMS Firedrake inawapeza ali chomwecho. Amalinyero anayesa kuiwononga sitima yawo asanadzipereke, koma pamadzi osaya ngati amenewo sikanamira n'kusowa. Onse anatengedwa amoyo kukakhala akaidi. Ntchito yoopsa inatsalira Angerezi amene anatsikira kunsi kwake kukamangirira mabomba amene anali akadali m'mabowo, kuti asatsetsereke poikoka. Anaivuula, n'kuifikitsa ku Harwich, n'kuimata zigamba.

Sabata imeneyo Britain inali ndi njala ya uthenga wabwino. Pa 24 Epulo ku Dublin kunabuka kuukira, pa 25 sitima za Ajeremani zinaombera tauni ya Lowestoft, pa 29 asilikali a Britain anagonja kwa a ku Turkey ku Kut. Choncho pofika mu Julayi anaikokera UC-5 mu Thames n'kuikocheza pa Temple Pier, pakati pa London, anthu n'kumalipira kuti aione, ndalamazo zikupita ku mabungwe othandiza. Anabwera miyandamiyanda. Kulumikiza bomba lakutilakuti ndi chombo chakutichakuti kunatheka bwino nkhondo itatha, mabuku a maulendo a Ajeremani atatsegulidwa ndipo Arno Spindler atayamba kusindikiza mbiri yake mu 1932. Choncho anthu oima pamzere paja ankaona chinthu chodabwitsa cholandidwa kwa mdani, osati chimene chinamiza Anglia. Mu 1917, America italowa nkhondo, anaidula zigawo n'kuitumiza ku New York. Anaikoka m'misewu ya mzindawo mpaka ku Central Park, n'kuipatsa dzina latsopano, U-Buy-a-Bond, kuti ikope anthu kukongoza boma ndalama zomenyera nkhondo. Sitima yopha inaonetsedwa m'mizinda iwiri ikuluikulu nkhondo ili m'kati. Anglia, imene ili pansi kunja kwa Folkestone ndi akufa ake, boma la Britain linadzaiika m'gulu la manda a asilikali otetezedwa ndi lamulo mu 2017.

Amuna a mu UC-5 anali amwayi. Mwa timasitima 15 tija, palibe kamene kanafika tsiku lomaliza la nkhondo kali m'manja mwa Ajeremani. UC-8 inatsakamira pagombe la Netherlands, eni dzikolo n'kuisunga. UC-13 inakankhidwira kumtunda ndi namondwe pa Black Sea. UC-4 anaimiza eni ake pothawa ku Flanders mu Okutobala 1918. Zotsalazo zinapita pansi, zambiri ndi anthu ake onse, zina osadziwika n'komwe pamene zinathera mpaka osambira a masiku ano atazipeza. Pustkuchen anafa mu Meyi 1917 ndi anthu ake onse mu UC-66, imodzi mwa ma UC 64 a mtundu wachiwiri, akuluakulu, onyamula mabomba 18 pamodzi ndi ma torpedo ndi mzinga. Mabwinja a sitimayo anapezeka mu 2009 kufupi ndi zilumba za Scilly. Anyamata amenewa ndimawamvera chisoni, pakuti ambiri anali ana a anthu wamba amene anapatsidwa chogwirira n'kuuzidwa kuti koka. Koma chisoni changa chachikulu chili kwa amene anali chigonere m'zipinda za m'munsi mwa Anglia, opulumuka kale kamodzi m'maenje a nkhondo ku France, atatsala pang'ono kufika kwawo.

Mabomba a nkhondo ziwiri zapadziko lonse asodzi a ku North Sea akuwakolabe m'makoka awo mpaka lero. Kuyambira 2022 mabomba atsopano oduka zingwe akhala akuyandama pa Black Sea mpaka kumagombe a Romania, Bulgaria ndi Turkey, m'njira za zombo zonyamula tirigu wodyetsa mayiko ambiri, a mu Africa momwemo. Mu 1997 ku Ottawa mayiko anasainirana pangano loletsa mabomba okwirira opha anthu pamtunda, ndipo Malawi ndi Mozambique ali m'gulu la ovomereza. Panganolo silikhudza mabomba a m'nyanja. Pa amenewo, pangano lalikulu limene lilipo ndi lomwe lija la ku Hague la 1907, limene linalembedwa sitima ya pansi pa madzi yotchera mabomba isanayendepo panyanja ina iliyonse.